Wotchi ya pa Holo

Masitepe makumi asanu ndi atatu,
Bronisław amawadziwa ndi maondo.
Lolemba lililonse amakwera nsanja
kukapukusa wotchi ya holo
ya katauni kawo m'mbali mwa Warta.

Njerwa zam'munsi n'zofiira, zakalekale,
zam'mwamba n'zotuwa:
apo ndi pomwe moto wa nkhondo unalekezera.
Oimanganso anali akazi amasiye,
akupatsirana njerwa chipale chofewa chikugwa.
Mmodzi mwa iwo anali mayi ake.

M'chipinda momwe ankayezera mchere ndi ubweya
lero amadindamo ziphaso za agalu.
Pakhomo la ndende, mphete yachitsulo ilipobe;
akwati amaima pomwepo pojambulitsa.

Wotchiyo imachedwa mphindi zinayi.
Khonsolo yati igula yamagetsi.
Iye sanayankhe. Wapaka girizi,
watsika mwakachetechete, dzanja pakhoma,
pamzere pomwe zofiira zimakumana ndi zotuwa.