Chingwe Chaduka

Uthenga unandipeza Lachiwiri pa basi ya ku Anlaby Road,
mapazi atatupa m'nsapato:
tsopano mungathe kukhala m'dziko muno mpaka kalekale,
mungagwire ntchito kulikonse kumene mufuna.
Ndinawerenga katatu. Ndinapitirira siteji yanga.

Zaka zisanu ndakhala mbuzi ya pachikhomo,
chingwe changa viza, chikhomo changa Hull.
Msipu wa wodi imodzi ndaudya mpaka dothi kuonekera.
Lero chingwe chaduka
koma taonani, ndikuzungulirabe pomwepo.

Gareth wa ku ejensi amaimba foni pakati pa tulo tanga ta masana.
Dzina loti Mwandida limamukola pakhosi, amangoti Mwandi.
Akuti ku Shetland akufuna namwino, masabata khumi ndi awiri,
nyumba yaulere, malipiro owirikiza.
Akuti ku Truro. Akuti ku Carlisle, mawa lomwe.
Amatambasula mayina a malo ngati wa kaunjika:
chatsala chokhachi mayi, mukabwerera simuchipeza.

Ndayala mapu patebulo,
ndawapsinja ndi ketulo ndi botolo la tsabola wa kambuzi.
Shetland sanampatse ndi malo omwe,
anamuika m'kabokosi pakona ngati mwana womupeza.
Akuti dzuwa la Disembala kumeneko limangosuzumira
n'kubwerera, ngati munthu wolakwitsa chitseko.
Rumbi anapitako. Anabwerako ndi chifuwa, ndi galimoto.

Ku Lunzu nyumba yanga yaima pa mawindo, chaka chachitatu.
Achimwene amatumiza zithunzi: njerwa zachita ndere,
mpapaya wamera m'chipinda chimene ndinati n'changa.
Ndawerengera kuseri kwa bilu ya magetsi.
Ulendo umodzi ndi malata.
Wachiwiri, zitseko ndi pulasitala.
Wachitatu sindinaulembe, cholembera chinayamba kuthamanga chokha
ndipo pusi uja anagwa chagada ndimamudziwa.

Ndimadziwanso mmene timawalandirira a ejensi pa wodi yathu.
Timawapatsa mabedi olemetsa a kumapeto,
makapu athu a tiyi timawabisa.
Ndinabisapo langa.
Mlendo ndi mame, timatero,
ndiye mame ungawaonetserenji kumene timasunga magolovesi?
Ndingakhale ine ameneyo, fili koloko ya usiku,
kufunsa dzina la dokotala, kufunsa nambala ya chitseko,
ukadwala, palibe wokulipira,
ukalakwa, palibe wonena kuti timamudziwa, satero.

Kuno ndimadziwa kabati yofuna kuimenya ndi bondo,
ndimadziwa kupuma kwa mayi Ainsworth a pa bedi yachinayi
kukasintha, ndisanayang'ane makina.
Zimenezi Gareth alibe mzere wake pa fomu.

Ndiye pali Lonjezo, mayeso ake mu Meyi.
Ndikamufunsa amati zili kwa inu mami,
maso pa foni, Chichewa chake chopindika ndi mphepo ya kuno.
Koma dzulo, ndikupukuta fumbi, kompyuta yake inadzuka
ndi funso limene anasiya osatseka:
sitima ya pamadzi, Aberdeen mpaka Lerwick, maola angati?
Usiku wonse, mwanawe. Ndinayamba ndine kufufuza.
Inenso mayi anga ndinawauza kuti ndi zaka ziwiri zokha.

Ndatenga pensulo, osati cholembera.
Poyambira ndalemba Juni.
Pa mtunda ndalemba: kumene ndingabwere Loweruka
n'kupeza mbale zake zili m'sinki, n'kukalipa.
Pa Shetland sindinachonge. Sindinafufutenso.

Alamu yalira, shifiti ya usiku.
Ndanyamula ketulo, ndipo pa mapu patsala mkombero wonyowa.
Hull ali pakati.
M'mphepete, pomwe madzi aononga inki,
pali theka la dzina: Scarbor.
Ndaikapo chala. Sindinakanikize.
Yunifolomu ikadali pa hita, kolala sinaume.