Makutu Awo, Manja Anga

Felemu tinaipeza ku Taft, kuseri kwa khola la akavalo,
itagona chagada mu udzu wouma,
nkhuku zikuikira mazira m'nthiti zake.
Ford ya 1932, kapena tingoti mafupa ake.
Orval Pruitt anafuna madola makumi anayi
ndi kuti ndimuwotcherere geti lomwe linagwa chaka chatha.

Injini inachokera kwina.
Zaka makumi atatu inali m'munda wa thonje ku Shafter,
yomangidwa pa simenti, ikupopa madzi usana ndi usiku,
kubangula tsiku lonse osasuntha ngakhale phazi limodzi.
Masilinda asanu ndi atatu, mitu yophwatalala.
Inabadwira msewu, inakalambira pa ngalande.
Titaitsegula, mbewa inali itamanga chisa
pamwamba pa pisitoni yachitatu.

Bambo saona tsopano.
Shuga anawadya maso monga dzimbiri lidyera chitseko,
kuyambira m'mphepete, mosafulumira.
Amakhala pa ndowa yovundikira pakona ya garaja,
khofi atazizira m'manja,
n'kumati: Darlene, nati imeneyo wailimbitsa kwambiri,
ndaimva ikudandaula.
Ndimatsutsa.
Kenako ndimaimasula pang'ono, mwakachetechete,
iwo n'kumva ndithu.

Mipando iwiri inatuluka m'ndege yankhondo.
Nyali imodzi ndinaigula pa kaunjika wa zitsulo ku Pomona,
inzake inabwera pa positi kuchokera ku Nebraska
itakulungidwa m'malaya a munthu amene sindidzamudziwa.
Chitseko chakumanzere chili ndi bowo la chipolopolo.
Sindinalitseke.
Denga palibe. Mamudigadi tinataya.
Cholemera chilichonse chosathandiza kuthamanga, amatero Bambo,
ndi katundu wa eni, usamusenze.

Zaka zinayi, Loweruka lililonse.
Girisi analowa m'zikhadabo n'kukhazikika,
zipsera za moto wowotcherera zinamera pamkono ngati nthomba,
mwamuna wanga anasiya kufunsa kuti titha liti.

Tsiku loiliza koyamba inatsokomola,
inalavula moto, inati zii.
Kachiwiri chimodzimodzi.
Kachitatu inagwira, ikunjenjemera ngati yamalungo,
masipanala akuvina pakhoma.
Bambo anadzuka, anapapasa mpaka pa rediyeta,
anatambasula dzanja, ndinaikamo sikuludiraiva.
Anaweramira makabuleta awiri aja,
khutu pafupi ndi lamba mpaka ndinagwira mpweya.
Wakutsogoloyu akumwa kuposa mnzake, anatero.
Anapotoza pang'ono, pang'ono zedi,
ngati munthu wotsegula chitseko cha mwana wogona,
ndipo phokoso lija linasanduka mawu.

Ku El Mirage tinafika kusanache.
Nyanja yopanda madzi, nthaka yong'aluka ngati chidendene,
yosalala mpaka kumene maso alekera.
Ndinawamanga lamba, ndinawaveka magalasi a fumbi,
iwo n'kuseka: amenewa atchinga chiyani?

Giya yoyamba. Yachiwiri.
Injini yomwe inkangoona madzi akupita, iyo n'kutsala,
lero ndiyo inali kupita.
Mphepo inandikoka tsitsi, inandiumitsa mano,
fumbi linaima kumbuyo kwathu ngati khoma.
Muvi wa liwiro unali wakufa,
wamoyo sitinaupeze konse,
choncho ndinakuwa: Tili pa angati?

Anapendeketsa mutu.
Mamailosi makumi asanu ndi anayi, anayankha,
mwina kuwonjezapo awiri.

Nditaima, chete anatigwera ngati bulangeti.
Chitsulo chinkathetheka pozizira.
Ndinadikira mawu aakulu,
oti ndidzawasunge iwo akadzapita.
Anavula magalasi, nkhope yonse ili mbuu
kupatula mabwalo awiri oyera mozungulira maso,
analavula dothi, anapukuta pakamwa.

Pulagi yachisanu ndi chiwiri ikuphonya, anatero.
Sipanala yaing'ono ija wabwera nayo?