Msomali Pakhoma

Ndinkawasambitsa msana Mayi Ackroyd,
chipinda nambala naini, ku Bradford,
kunja kamvula kowaza kaja kosadziwa kukata.
Anafunsa kumene ndimagona.
Ndinati, I stay in Manningham.

Anandigwira mkono, thovu lili chuchuchu.
Ayi, Tiyanjane. Munthu sachita stay kwawo.

Zaka makumi atatu anagwira choko mayiwa.
Lero dzina la mwana wawo limawapulumuka
ngati mlamba m'manja,
koma galamala yakana kusamuka m'mutu.

Stay, akuti, ndi wa mlendo:
sutikesi pansi pa bedi,
mswachi osautulutsa m'kathumba kake.
Live ndi wa amene wakhoma msomali pakhoma,
wodziwa tsiku lotulutsa zinyalala,
woti galu wa aneba anasiya kumuuwa.

Onsewa ndi aneni, anatero,
koma taona makhalidwe awo.
Stay akatopa kugwira ntchito amakhala dzina,
chinthu choyezeka, chachifupi kapena chachitali,
chochidinda chidindo.
Live sakhala dzina popanda kusintha nkhope.
Akafuna kufotokoza chinthu amasintha liwu,
livu uja n'kukhala laivu,
waya wa magetsi amene ukamugwira
umadziwa kuti muli moto.

Ndinawapukuta. Ndinawadzoza mafuta m'zigongono.

Kwathu mawu ndi amodzi, mayi.
Khala pansi. Khala chete.
Ndimakhala ku Chilomoni kuseri kwa chigayo.
Zikhale choncho.
Mlendo ndi mwini khomo
amagawana mneni mmodzi ngati mpando wa minibasi,
wina atakhalira thako limodzi,
koma onse akupita.

Izi sindinanene.
Belu la chipinda nambala folo linali kulira.

Pa faelo yawo, tsamba loyamba,
wina analemba ndi inki yabuluu: short stay.
Anabwera kudzakhala masabata awiri
chiuno chitathyoka pa masitepe.
Chisanu chachitatu chino.
Pakhoma pali chithunzi cha amuna awo,
ndipo msomaliwo ndinakhoma ndine
ndi chidendene cha nsapato.

Nanenso ndili ndi pepala langa.
Limawerenga masiku anga ngati mayunitsi a magetsi.
Zinyalala ndi Lachinayi, ndikudziwa.
Galu wa a Hussain amandigwedezera mchira.
Koma sutikesi ija
sindinaikweze pamwamba pa kabati.

Usiku, cha m'ma thuu koloko,
ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi,
chipewa kumutu, nsapato imodzi kuphazi.
I'm not staying, anatero. Basi ibwera nthawi yanji?

Ndinagwada, ndinawavula nsapatoyo.
Chingerezi chinandithawa, ndinangoti,
Khalani, mayi. Khalani.

Anandiyang'ana ngati mwana wa kumbuyo kwa kalasi
amene wayankha mosakweza mkono.
Ameneyo ndi mneni? anafunsa.

Eya, mayi, ndi mneni.

Ndiye anavula okha chipewa
n'kundipatsa kuti ndikapachike.