Mzere Wopanda Mtanda

Pa phiri la Cordillera, ku Valparaíso,
komwe mpweya umakuthera masitepe asanathe,
bambo anga, Eleuterio Quilodrán,
anabwereketsa mafilimu zaka makumi atatu ndi chimodzi
m'kashopu konunkha pulasitiki ndi khofi wozizira.

Lachisanu madzulo pakhomo pankachita kuthina.
Anyamata a kudoko, malaya akununkha dizilo,
ankafuna zomenyana zokhazokha.
Mayi Filomena ankatenga yachikondi imodzimodziyo mwezi ndi mwezi,
amvekere, ndi ya mng'ono wanga,
mng'ono amene palibe anamuonapo.
Bambo sankafunsa. Ankangolemba.

Tepi yobwera osaibweza poyambira, mapeso zana.
Yobwera itatafunidwa ndi makina
ankaipoletsa ndi pensulo ndi selotepi,
lilime lili panja ngati mwana wophunzira kulemba.

Kenako kunabwera zimbale,
zopyapyala, zonyada, zosafuna chala pankhope.
Kenako sikunabwerenso kanthu.
Belu la pachitseko linaiwala mawu ake.
Makasitomala akale ankadutsa maso ali pafoni,
moni wa chibwano basi.

Tsiku lotseka ndinati, bambo, mtima m'malo,
zonsezi zilowa umu.
Kabokosi kakuda, kochepa ngati sopo wosambira.
Anakatenga, nakagwedeza pafupi ndi khutu.
"Mulibe kanthu umu," anatero.

Chilimwe chonse ndinali pakompyuta, kusamutsa mashelefu.
Pofika Febuluwale kanadzaza. Ndinagula kachiwiri.
Mwana wanga Amaru anathiramo zake:
galu akuyasamula,
galu akugona,
galu yemweyo akuyasamulanso,
sitima iliyonse yolowa padoko, mbale iliyonse isanadyedwe.
Kachitatu. Kachinayi kanafa kokha usiku, osatsanzika.
Foni nayo m'mawa uliwonse kukamwa yasa
ngati mwana wa mbalame: malo atha, malo atha.
Lero ndimalipira lendi kumtambo,
kwa eni nyumba osaoneka nkhope,
kusungitsa zinthu zimene sindidzazitsegulanso.

Usiku timakhala atatu pasofa,
rimoti kuyenda dzanja ndi dzanja,
mitu ya mafilimu kutsetsereka pagalasi ngati mvula ya mu Juni.
Iyi? Ayi. Nanga iyi? Tidzaonera mawa.
Ola latha, sitinasankhe.
Bambo agona kale, magalasi ali pamphuno.

Dzulo, posakasaka chingwe cha tchaja,
ndinakumana ndi kaundula wawo pansi pa bedi,
chikuto chobiriwira, m'mphepete modyedwa ndi chinyezi cha nyanja.
Mayina, masiku,
kamtanda kofiira pa aliyense amene anabweza.
Anthu a phiri lonse ali mmenemo,
amoyo ndi akufa, mzere umodzi aliyense.
Koma tsamba lachitatu, chakumunsi,
pali mzere wopanda mtanda:
Ondina Pailahueque, kaseti imodzi, Lachiwiri.
Malemu mayi anga.

Ndinawagwedeza phewa. Anayang'ana nthawi yaitali.
"Sanabweze ameneyo," anatero.
"Patatha milungu itatu ndinavala jekete,
ndinakwera masitepe zana limodzi ndi makumi asanu ndi atatu
kukalonjerera katundu wanga.
Anandipatsa tiyi. Anati sanaimalize.
Sabata yotsatira, sanaimalizebe.
Inenso ndinasiya kufunsa za kaseti,
koma masitepe sindinasiye."

Nanga filimuyo inali yabwino?

"Kaya. Sindinaionereko."

Ndinati ndingathe kuipeza pompano, mphindi ziwiri,
yoyera bwino kuposa kale.
Anapukusa mutu, napempha pensulo.
Ananyowetsa nsonga ndi lilime,
nayamba kuwerengera chindapusa m'mphepete mwa tsamba,
mapeso makumi asanu pa tsiku,
chaka ndi chaka, akunong'ona manambala,
pepala likuchepa.

Pashelefu timabokosi titatu tinkaphethira tibuluu,
tokhuta, topanda wotikongola.
Foni inalira m'thumba mwanga
kufunsa ngati ndikufuna kufufuta china chake.
Bambo anatembenuza tsamba, napitiriza kuseri.