Si Wailesi Yanu Yafa

Lolemba m'mawa, ndisanatsegule n'komwe kashopu kanga
pamsika wa Mpondabwino,
anthu asanu ndi awiri anali atandidikira kale,
aliyense atafukata wailesi yake
ngati amayi pamzere wa kusikelo.

Abiti Mkwanda ndiwo anayamba:
"Kugwa sinagwe, kunyowa sinanyowe,
koma ikulira ngati chigayo chameza msomali."
Ndinaimasula, ndinauzira fumbi,
ndinapezamo mphemvu imodzi youma, basi.
Mabatire amoyo. Waya aliyense pamalo pake.

Mayi, si wailesi yanu yafa.
Ndi a kunyumba yamphepo ya Mkungudza aja:
agona ndi nyimbo zathu, adzuka ndi za roko.

"Za chiyani?"

Mnyamata wa ku koleji, ndolo kukhutu,
anayankha asanafunsidwe:
ati pa Chingerezi dzinalo ndi mwala.
Che Likagwa, amene aswa miyala ku Chinamwali
zaka makumi awiri ndi mphambu,
anaseka mpaka kutsokomola:
"Ndiye andilembe ntchitotu!
Ine ndimaimba zimenezi tsiku lonse
ndipo palibe anandiomberapo m'manja."

Tepeka wokhoma zidebe akuti amubera malonda.
Abusa a Mangulenje analalikira Lamulungu
kuti gitala wolira chonchi ali ndi mwini wake,
ndipo mwini wakeyo ali ndi mchira.
Akabaza a ku Matawale agawanika pawiri:
ena ati mutu ukuwawa,
ena ati chitunda cha ku Sadzi chafupika
chiyambire ng'oma zija kuwakankha kumsana.

Koma Abiti Mkwanda sanabwerere phokoso.
Anakhala pabenchi, wailesi pamiyendo.
Kale ikakwana sikisi koloko madzulo
ankamva za amene watisiya ku Jali,
za mwana wotayika kudepoti, wovala juzi yofiira,
za moni wochokera kwa mlongo wawo ku Mayaka,
amene alibe foni
koma anali ndi khadi ndi cholembera.
"Tsopano ndidzadziwa bwanji
kuti ndi nthawi yolira?"
Mu bokosi langa la zida
munalibe choyankhira funso limenelo.

Ndivomere tchimo langa pano:
atatu mwa iwo ndinawalipiritsa.
Ndinangopotoza kachitsulo kupita kwina,
kwayala inatuluka yoyera ngati nsalu yochapa,
iwo nati, "Amisiri inu muli ndi manja."
Ndalamayo ndinagulira usipa.
Sunakome.

Lachinayi mtambo unatsika phiri
n'kukhala padenga la msika.
Makasitomala zii.
Sigele, mwana wa mlongo wanga,
amene makutu ake anatsekeka ndi malungo ali wakhanda,
anabwera kudzabisala mvula.
Pa tebulo panali wailesi yaikulu ya mwini bala,
ikubangula zake zomwezo.
Anaika chikhato pa sipika.
Anachotsa. Anaikanso.
Kenaka anandigwira dzanja
n'kuliika pomwepo, pambali pa lake,
maso ali mwaa,
ngati akuti: malume, zaka zonsezi
mumabisa zimenezi m'mabokosimu?

Kwayala sinamufikepo.
Moni wa ku Mayaka sunamufikepo.
Koma mwala uwu unadutsa m'khungu
n'kukagogoda penipeni pa nthiti.

Sindikuti a Mkungudza achita bwino.
Ndinasaina nawo kalata yodandaula
imene Tepeka anayendetsa msika wonse,
dzina langa lili pachisanu ndi chitatu,
pansi pa chidindo cha chala cha Abiti Mkwanda.
Yankho silinabwere.

Kungoti masiku ano ndikamatseka madzulo,
Likangala akulira kumunsi uko,
ndimasiya wailesi imodzi yoyatsa, motsitsa,
ndipo phazi langa lakumanzere,
limene silinandifunsepo maganizo,
limayamba lokha
kuswa miyala pansi pa tebulo.