Pakamwa Pobwereka

Loweruka, m'chipinda chakuseri kwa labu,
atikhazika pa mipando ya pulasitiki, anthu khumi ndi anayi,
ife amene timadyera lilime.
Fani ikuzungulira mwaulesi ngati nayonso yakakamizidwa kubwera.

Ine ndafika monyinyirika.
Zaka khumi ndi zitatu ndikuima pakati pa dokotala ndi wodwala,
kuwolotsa mawu ngati wakabaza pa mlatho wa Shire,
Chiyao kutsidya, Chichewa kuno,
Chingerezi cha madokotala achilendo pakaliyala.
Lero andiphunzitse chiyani
mtsikanayu, Tiyanjane Likagwa,
amene ankakwawa ine ndili kale ndi mwana kumsana?

Akuti: Musachotsepo. Musawonjezepo.
Wodwala akatukwana, tukwanani.
Akati "ine", inunso nenani "ine".
Tikuseka. Twaibu wa ku Malindi akuti
ndiye tikapsa kumoto chifukwa cha milomo ya eni.

Kenaka afunsa, osayang'ana munthu:
Ndani anasiyapo mawu panjira
poyesa kuti ndi mankhusu?

Zii.
Fani yokha.

Ndakumbuka Che Ajusa a ku Katuli,
telala, chipewa choyera, ulusi utakakamira pamkanjo.
Dokotala anati shuga. Piritsi limodzi m'mawa uliwonse.
Ndinawolotsa bwinobwino, mtela, kundaŵi,
palibe chinagwera m'madzi.
Koma potuluka, akusakasaka patapata wawo pansi pa benchi,
anang'ung'udza kuti mwezi ukaoneka mawa
tiyamba kufunga.
Ndinamva.
Ndinati imeneyo ndi nkhani ya iwo ndi Mulungu,
si ya m'kabuku kachipatala.
Mzere unali utafika pamtengo wa mango.
Ndinaitana wotsatira.

Tsiku lachinayi anabwera nawo pa njinga yamoto,
atamangidwa ndi chitenje kumsana kwa mdzukulu,
thukuta lozizira, khosi lendelende.
Piritsi linagwira ntchito yake mokhulupirika
m'mimba mopanda kanthu.
Anatsitsimuka, inde, atawaika diripi.
Anandigwira dzanja nati sikomo.
Sikomo!
Kwa ine amene ndinameza chiganizo chawo.

Sindinauzepo munthu, ngakhale bambo akunyumba.
Lero mkono wanga wadzuka wokha.

Tiyanjane sanandikalipire.
Wangolemba pabolodi mawu amodzi, kufunga,
nawazunguliza kawiri,
nati mwezi uja ubweranso, tikonzekeretu.

Masana atisenzetsa mawu atsopano,
ena olemera ngati thumba la simenti:
khansa ya khomo la chiberekero,
impso zotopa, makina otsuka magazi,
chilolezo chimene munthu amapereka atamvetsa,
osati chala chongodindidwa pa inki.
Twaibu ndi Mwanaisha akangana theka la ola
za mmene ungauzire mayi wa msinkhu wa mayi ako
dzina la chiwalo chimene kwathu sititchula masana.
Sanagwirizane.
M'kope mwanga ndajambula mizere itatu, chinenero chilichonse wake,
ndipo wachitatu uli ndi mipata
ngati m'kamwa mwa mwana wogweluka mano.
Akuti mipatayo tikafunse kumudzi, tidzabwere nayo mwezi wa mawa.

Satifiketi atipatsa cha m'ma folo,
dzina langa atalilakwitsa chilembo chimodzi.
Ndati ndidandaule, ndangoseka:
ndine yani ine wowerengera anzanga zilembo zotayika?

Lolemba.
Mayi wa ku Makanjira, wayenda kuyambira tambala woyamba,
wayankha zonse, mutu, msana, kutentha thupi,
dokotala wayamba kale kulemba.
Ndiye mayiyo, nkhope atabisa m'mpango,
aponya timawu pansi, pafupi ndi zala zakuphazi,
tating'ono, tonga tosafuna kutoledwa.
Panja mzere wadutsa mtengo wa mango.

Ndawerama. Ndatola.
Dikirani adokotala, sanamalize.
Akuti... ayi.
Ine ndikuti, pali china
chimene sindinauzepo munthu.