Kumbuyo kwa Phewa la Mzungu

Pa Kapata, m'kanyumba ka malata kuseri kwa ogulitsa kapenta,
tinalipira makwacha awiri kuti tione filimu yakale,
ya nthawi ija tauni ino inkayankha ku dzina la eni ake ena.
Jenereta ikutsokomola panja.
Chithunzi chikuwaza timadontho ngati mvula yamawawa.

Mawu a munthu wosaoneka anati, m'chinenero chake,
kuchigwa kuno kulibe munthu,
kuli nyama ndi thengo basi,
dziko lagona, likudikira wolidzutsa.
Kamera inayenda mwaulemerero ngati mwini munda,
inadutsa tsanya, inadutsa mvunguti osapereka moni,
inakachedwa pa bulugamu wa pafamu ya fodya,
woima m'mizere ngati asilikali pa perete,
kenaka inatsikira ku Luangwa
n'kukaima pa mzungu wa chipewa chachikulu,
phazi lake pa nthiti za njati.

A Yelesani Daka, amene maso awo ayamba kuchita nkhungu,
anadzambatuka pa benchi.
Imitsani! Bwezani pang'ono!
Anyamata anaseka, ati agogo afuna njati.
Koma chala chawo chinapitirira chipewa chija,
chinakagwa kumbuyo kwa phewa,
pa msolo wopendekera kumadzulo, theka lake lodulidwa ndi chithunzi.

Apo mayi ankathira ufa mvula ikakana.
Kuseri kwake kunali nkhokwe zathu zitatu.
Tsiku limenelo anatiuza timange mbuzi kutali,
tizime moto, tikhale chete m'nyumba
kuti utsi usaipitse thengo lawo.
Miyendo itatu ya kamerayo ndinasenza ndine.
Anandilipira chitini chopanda kanthu.

Jenereta inazima yokha. Palibe anapempha ndalama yake.

Mwezi wa Okutobala, Tisauke, mwana wa mlongo wanga,
anakwera kanta ya ku Mambwe ndi foni yong'aluka galasi.
Anaupeza msolo uja, mpanda wa waya ukuudutsa m'chiuno.
Anayamba wati odi.
Sanajambule kuchokera kumwamba.
Anayambira pa mizu, pomwe nyerere zikukoka phiko la chiwala,
pa phale la mphika lokwiririka theka,
pa khungwa pomwe wina anasemapo mankhwala chaka chatha,
ndipo dzanja lake linkanjenjemera,
mpweya wake ukumveka m'filimu monse.

Aphunzitsi ake ku koleji anati,
mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo palibe chikuchitika.

Tinakawaonetsa a Daka ku Mchini, pakhonde.
Foni anaiyandikiza kumaso, kenaka anaisiya,
n'kuiika pa khutu.
Mphepo m'masamba. Njiwa kutali.
Anakhala choncho mpaka batire inatha,
n'kufunsa, osatiyang'ana:
kodi nthambi ya kum'mawa ija ikadalipo?
Ndinagwapo ine pamenepo.